Tsala Langa Lokondedwa

M'zaka za m'ma 1990 ndinkasambitsa nkhalamba za eni ku Lanham, kutsidya kwa nyanja, koma mumtima ndinali mlakatuli, wamkulunso. Nditamva kuti ku yunivesite ya ku College Park kukhala msonkhano wa olemba m'zilankhulo za makolo awo, ndinati basi, nthawi yanga yakwana. Ndinalemba za munda umene mayi anandigawira ndisananyamuke, umene ndinkauza aliyense kuti ndidzamangapo nyumba ndikadzabwerera.

Vuto linali mawu. "Munda" ndi liwu la aliyense, ngakhale mwana wanga woyankha m'Chingerezi ankalidziwa. Ine ndinkafuna liwu lakuya, loti anthu agwedeze mitu. Ndinakumbukira lakuti "tsala". Tanthauzo lake lenileni linali litandithawa, koma linkakoma m'kamwa, ndiye ndinalithira paliponse ngati mchere. Tsala langa lokondedwa, tsala la makolo anga!

Tsikulo ndinavala malaya a chitenje m'chisanu choopsa, n'kumanjenjemera, anthu n'kumayesa ndi mzimu wa ndakatulo. M'holomo munalibe wakumva Chichewa kupatula bambo wina wa ku Zambia, amene pomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani maningi." Ine chitsiru ndinati ndamufika pamtima. Ndinakwera sitima yobwerera chifuwa chili patsogolo.

Ndinajambula ndakatuloyo pa kaseti, n'kupatsira mayi wina wa kutchalitchi amene ankapita kumudzi. Patatha miyezi iwiri kaseti ija inabwerera, mayi anga atajambula mawu awo pamwamba pa anga.

"Mwanawe, tamva. Amalume ako amveranso, kawiri konse. Ine ndimakubisira kuti miyendo inandikana, munda wako uja zaka zitatu sindinalimemo. Kaya wakuuza ndani kaya. Amalume akowo akati aupereke, ndimawakaniza, ndimati mwini wake akudziwa kuti ndi munda. Pano akuti mwini wake wanena yekha pa wailesi kuti ndi tsala, ndipo tsala silingamangogona anthu akusowa polima. Apatsa mng'ono wako wa kwa mayi ako aang'ono. Chimanga chamera kale."

Ndinakhala pansi m'khitchini, manyazi ndi chisoni zitandigwira pamodzi. Palibe anandilanda. Munda ndinaupereka ndekha, mokweza, m'Chichewa changa chakuya chija, azungu akuwomba m'manja.