Msasa Wosadontha wa ku Hull

Chimene mafumu a ku Iguputo anachilephera ndi magaleta awo onse, ine ndinatsala pang'ono kuchikwanitsa ndili ndi zaka khumi: kusokoneza chikondwerero cha Ayuda. Chida changa chinali pepala la pulasitiki loonekera, la mamita anayi, lonunkha ngati nsapato zatsopano. Koma ndisanamize anthu. Ayuda amene ndikunenawa analipo makumi awiri ndi awiri basi, wamng'ono pa onse anali atapuma kale pantchito, ndipo ine ndinkangofuna bedi langa.

Tinkakhala ku Hull, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Amayi anali namwino. Malume anabwera kudzakhala nafe "masabata awiri okha," koma chaka chinatha ali pabedi langa, ine ndili pamatiresi pansi, ndikumvetsera mkonono wonga lole yokwera phiri. Atalandira mapepala awo anapeza ntchito yosamalira sunagoge, kanyumba ka njerwa zofiira kopanikizika pakati pa shopu ya makapeti ndi malo ochapira magalimoto. Anawapatsa miyezi itatu yowayesa. Akakhoza, adzawapatsa kachipinda ka pamwamba pa holo. Palibe munthu mu Hull amene ankapempherera ntchito imeneyo kuposa ine.

Amayi akakhala pa shifiti, ndikaweruka kusukulu ndinkakwera basi kupita komweko. Udindo wanga unali waukulu: ndinali womasulira. Chingerezi malume ankachidziwa, koma cha m'buku. Cha ku Hull, chimene mawu amameza theka, chinkawadutsa pamutu. Mkulu wa mpingowo, amene malume ankangowatcha a tcheya, anali mdala wamfupi wogulitsa nsapato kale, woyang'ana mapazi a munthu asanamuone nkhope. Rabi, m'busa wawo, sankakhala komweko, ankachita kubwera pasitima kuchokera ku Manchester kamodzi pamwezi. Panalinso mayi ena okalamba a makeke a uchi, amene ankanditchula kuti pulofesa chifukwa cha magalasi anga. Dzina limeneli ndinalinyoza pambuyo pake, pomwe ndinasiya koleji nditaphunzira za zomangamanga mateme awiri, koma makeke aja ndinkawalemekeza ndi mtima wonse.

Kumapeto kwa Seputembala, masamba atayamba kumata m'misewu, a tcheya anatitengera kuseri kwa holo. Anatulutsa matabwa akale olembedwa manambala, nati timange msasa. Kwa sabata yathunthu mpingo wonse uzidyera mmenemo. Amayi nditawauza anati chikondwerero cha misasa anachimvapo ku Sande sukulu, koma sankadziwa kuti alipo anthu ochichitabe, ku England konse, mwezi wa mvula. Denga, a tcheya anati, likhale la nthambi, ndipo munthu akayang'ana kumwamba aziona nyenyezi. Kenako anamenya thabwa limodzi ndi chikhatho, nati, "Umadontha chaka chilichonse. Bambo anga ankadya supu atavala chikhoto cha mvula."

Lero ndikudziwa kuti mdalayo ankanyadira. Tsikulo ndinali ndi keke pakamwa, ndiye ndinamasulira mwachidule: "Akuti umadontha kuyambira nthawi ya bambo awo."

Malume anagwira chibwano. Kwathu bwana sanena kuti konza denga. Amangoti denga likudontha, kenako n'kuyang'ana kumbali, ndipo wanzeru amamva. Komanso malume asanakhale wothawa kwawo anali mmisiri wofolera nyumba ku Dedza. Kumuuza munthu wotero kuti denga ladontha zaka makumi asanu ndi limodzi kuli ngati kumutukwana pamaliro. Pabasi pobwerera anandifotokozera mmene amachitira kwathu: phaso, pepala lakuda la pulasitiki, udzu pamwamba, mvula n'kuchita manyazi.

"Nanga nyenyezi zawo zija, malume?"

"Nyenyezi ziti? Kuno unaionapo nyenyezi iwe?"

Apa m'pamene nzeru zanga zinaonekera koyamba, mwinanso komaliza. Ndinati tigule pepala loonekera. Mvula isalowe, kumwamba kuzioneka, aliyense akondwe. Malume anandiyang'ana nthawi yaitali, nati mwana wa mlongo wawo adzafika patali. Ndinafika ku Salford, ku koleji ndinasiya ija.

Tinagwira masiku atatu. Ndikukumbukira fungo la nthambi za paini zimene mlimi wina anabweretsa pa thilela, utomoni womata m'zala, mbalame za kunyanja zikulira pamwamba pa shopu ya makapeti. Malume anayala nthambi pansi, pepala pakati, nthambi zina pamwamba, mwaukhondo moti pepalalo silinkaoneka. Sitinauze munthu. Mphatso sailengeza.

Chikondwerero chinkayamba dzuwa likalowa, ndipo likangolowa palibenso kumanga kapena kuphwasula. Masana a tsikulo mpingo unabwera kudzakongoletsa. Mayi a makeke ankapachika maapulo ndi timaunyolo ta mapepala, madala awiri ankakangana za malo oika tebulo, mkangano umene ndinamva kuti unayamba ine ndisanabadwe. Kenako mvula inayamba, ija ya ku Hull yobwera chammbali. Aliyense anakoka kolala, kudikira dontho loyamba pakhosi. Silinabwere. Mkangano wa tebulo unatha wokha. Anthu ankangomva mvula ikulira pamwamba pawo ngati pa ambulera.

A tcheya anayang'ana kumwamba. Anatenga ndodo yawo, nabaya pakati pa nthambi, denga n'kuchita tapa tapa ngati mimba.

Malume anabwera kutsogolo, manja kumbuyo, nalankhula okha Chingerezi chimene anachikonzekera m'mawa wonse: "Bwana, chaka chino simunyowa."

Sindinaonepo munthu akuyesetsa kukhala waulemu ngati mdala uja. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti denga la msasa liyenera kukhala la zomera m'nthaka zokha, ndipo ngati mvula singalowe, si msasanso, ndi galaja yoipa chabe. Palibe amene angadyeremo kapena kudalitsiramo. Anayang'ana wotchi. Linatsala ola limodzi.

Ndinamasulira zonse, ulendo uno mosachotsera. Nkhope ya malume inagwa, ndipo ine ndinaona kachipinda kaja kakupita. A tcheya anafunsa kuti nzeru ya pepala loonekera inali ya ndani. Pano ndikanakonda kulemba kuti ndinaimirira monga mwamuna. Ndinayang'ana maapulo. Malume ndiwo anati, "Ndafolera ndine."

Anakwera makwerero mvula ikuwamenya. Nthambi zinatsika, ine ndikuzilandira, madala akupatsirana ngati njerwa. Pokoka pepala, madzi onse amene anasonkhana pamwamba, mwina ndowa ziwiri, anatsika malo amodzi, ndipo pamalopo panali a tcheya. Anangoima pomwepo, madzi akuyenderera m'makutu, nati, "Eya, tsopano wayamba kufanana ndi msasa." Mayi a makeke anaseka mpaka anakhala pansi pa bokosi la maapulo.

Chovuta chinali kufoleranso. Manja a malume ankakana kusiya mpata. Akayala nthambi, zinkagwirana zokha bwinobwino, ndipo a tcheya pansi ankaloza ndi ndodo: bowo apo, lina apo, kulitsani ilo. Malume ankatsegula mabowo akung'ung'udza m'Chichewa kuti anzawo a ku Dedza akanawaona akanawalanda dzina. A tcheya anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akuyamikira mwambo. Pa ntchito yanga yonse ya kumasulira, bodza lothandiza linali lokhalo.

Tinamaliza kutatsala mphindi zochepa. Malume anapinda makwerero n'kuyamba kutsanzika, ngati munthu wodziwa kuti Lolemba asabwerenso. A tcheya anawagwira mkono, nati m'msasa mlendo sabwezedwa, ndipo pa zaka zonse zimene akhala mkulu, aka kanali koyamba munthu kumvera chisoni mitu yawo. Makiyi a kachipinda, anati, adzawatenge chikondwerero chikatha, bola alonjeze kuti denga la sunagoge weniweniyo aziliteteza ndi mtima womwewo, poti ilo likudontha popanda lamulo.

Tinakhala pa mabenchi onyowa, mawondo akugundana. Anayatsa makandulo m'mabotolo, anaimba m'chinenero chimene womasulira wamkulu wa ku Hull sanamvepo liwu n'limodzi lomwe, anapatsirana buledi woviika mu uchi. Madontho ankagwera mu supu yanga, ndipo ndinawawerenga mpaka khumi ndi asanu ndi awiri. A tcheya anawerama kwa malume, nawauza kuti agogo awo a tcheyawo anatsika sitima ya pamadzi padoko la Hull lomweli ali ndi sutikesi imodzi, akuganiza kuti akungodutsa, nagona m'shedi ya katundu. Anati munthu akakhala ndi nyumba amaiwala msanga, n'chifukwa chake sabata imodzi pachaka amatuluka kukakhala m'mene mphepo ikulowa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire. Malume anandigwira bondo. "Ndamva," anatero, ndipo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mabowo amene anatsegula okha, supu yawo ikuzizira. Ine ndinadabwa kuti amva bwanji Chingerezi cha ku Hull mwadzidzidzi, ndiponso kuti muli chiyani choti munthu amve m'nkhani ya anthu a nyumba zabwino odyera pamvula mwadala. Ndinaganiza kuti akulu onse patebulopo asokonezeka mofanana, n'kudya buledi wa malume.

Patatha masiku khumi ndinagona pabedi langa, ndikutsokomola ngati mbuzi. Amayi, namwino wathunthu, anandiyeza pamphumi, nati si matenda, n'zotsatira za nzeru. Maswiti a chifuwa anandigulitsa ndi ndalama zanga za m'thumba: mapeni makumi asanu ndi atatu.