Kalisto ndi Chingerezi cha Pakaphiri

Kalisto anali wosoka nsapato pamsika wa Kasakula, moyandikana ndi benchi yanga ya tomato. Sukulu anailekeza sitandade faifi, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima. Chaka china anapita ku Lilongwe kukafuna ntchito ya ulonda. Abwana atamufunsa m'Chingerezi, iye anangoti kukamwa yasa, ntchito n'kupita kwa wina. Pobwerako anagula foni yakale yong'aluka pakona, nalumbira kuti chinenero chimenechi sichidzamuchititsanso manyazi.

Mufonimo anapeza timavidiyo ta mayi wina wophunzitsa katchulidwe ka mawu: kupereka moni, kugula m'sitolo, kufotokoza matenda kuchipatala. Mayiyo ankaonetsa poika lilime, Kalisto n'kumatsanzira akudziyang'ana pa kagalasi ka mkazi wake, Faines. Ife pamsika tinkafa nazo phwete.

"Achimwene, lilimelo tsiku lina lidzathyoka," ndinkamuseka motero.

Iye sankakwiya. Ankangondifunsa mtengo wa tomato m'Chizungu mpaka ndimuthamangitse ndi chitenje.

Vuto linali netiweki. Kumudzi kwathu imagwira pamwamba pa kaphiri pokha, kuseri kwa manda. Akaweruka pamsika, Kalisto ankakwera kumeneko, n'kukhala pamwala, timawaya m'makutu, kagalasi m'manja, n'kumabwereza mawu mokweza ngati mlaliki wopanda mpingo.

Kenaka kunabuka mphekesera ya anamapopa, anthu oti amayenda mobisa kupopa anzawo magazi. Palibe anawaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni wake amene anapopedwa. Amuna anayamba kuyenda ndi zikwanje. Mwana wa a Nowa, oyandikana nyumba ndi Kalisto, atadwala, achipatala anati magazi achepa chifukwa cha malungo. A Nowa mawu oti malungo sanawamve. Anangomva zoti magazi achepa, ndipo anayamba kufunsa kuti kodi munthu amene amakhala kumanda ndi mawaya, akuphanimitsa galasi padzuwa, amayankhula ndi yani.

Tsiku lina anthu omwewa, amene Kalisto ankawasokera nsapato, anakwera kaphiri dzuwa litapendeka. Ine ndinamva phokoso ndikuchokera kumsika, ndipo ndinathamangira komweko. Ndinapeza atamugwetsa kale. A Nowa anamumenya ndi mpini pamsana, wina anamuponda pakamwa, mano n'kuyoyoka. Foni anaiphwanya ndi mwala.

"Ulula, ukuwaitana kuti abwere liti?" anakuwa a Nowa.

"Ndi sukulu chabe, amalume, ndikuphunzira," anatero Kalisto, magazi ali chuchuchu. "Funsani mlongo wangayu."

Ankanena ine. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa kuti munthuyu ndimakhala naye tsiku lililonse, koma gulu likapenga silikhala ndi makutu. Mnyamata wina anandikankha, ndinagwera paminga. Faines anafika ndi kudziponya pamwamba pa mwamuna wake, koma anthuwo anamukoka tsitsi n'kumutaya pambali. Mwala waukulu unagwera Kalisto pamutu. Pamene apolisi amafika n'kuti atatsirizika.

Apolisi anatenga a Nowa ndi ena awiri, koma manja amene anagenda anali ochuluka, ndipo eni ake anabwerera kunyumba kukadya.

Kwathu kuno maliro ndi a mudzi wonse, ndipo manda amakumba amuna. M'mawa wa tsiku loika, anasonkhana ndi makasu awo, nkhope zili zyoli ngati Kalisto wafa ndi chifuwa. Faines anatuluka m'nyumba ya siwa, diso lili lotupa, naima panjira ya kumanda.

"Inu simumukumbira," anatero, mawu ake ali pansipansi.

Mkulu wa mpingo anayesa kumunyengerera. "Mayi, mwambo sulola mkazi kugwira khasu kumanda."

"Kodi zadzana zija mwambo unalola?"

Faines analanda khasu kwa mnyamata amene anali pafupi, nauyamba wa kumanda. Ine ndinatenga lachiwiri, amayi ena anayi n'kutitsatira. Nthaka ya Okutobala inali gwa, ndipo tinakumba mpaka zikhatho zinatumbuka matuza. Amuna aja anangoima kunja kwa manda tsiku lonse, osapita kwawo, osayandikira, mpaka tinamukwirira tokha.