Mkaka, Makhololo ndi Burashi Yopanda Penti

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mkaka umatsuka penti m'chifuwa. Musaseke nokha, itanani ndi anzanu omwe. Amene anandiphunzitsa kulemba zikwangwani ku Limbe, ndisanabwere kuno ku Joni, anandiuza kuti wopenta akaweruka azimwa mkaka, fungo lonse la thina wosungunulira penti limene wakoka tsiku limenelo litsika nawo. Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi, aphunzitsi asanafike pa phunziro loti chakumwa chimapita m'mimba, mpweya umapita m'mapapo, ndipo njira ziwirizi sizichezerana. Ndiye ndinkangomwa.

Ndimakhala ku Etwatwa. Mukadzayenda kumeneko n'kuona sipaza, golosale ya kuno, yolembedwa zilembo zonenepa ngati zangodya kumene, kapena mitu ya anthu ometa bwino pakhoma la konteyina, maso ali tuzu, dziwani kuti ndi dzanja langa. Ndiululirenso chizolowezi china cha ife olemba zikwangwani: burashi yaing'ono ikanyankhalala, timaisongola ndi milomo. Penti ndaidya yambiri ine, mitundu yonse.

Chifuwa chinayamba m'mwezi wa Meyi, chisanu chitangolowa. Ndinati ndi utsi wa mbaula za malasha, poti nyengo imeneyo Etwatwa yense amatsokomola. Mu Juni ndinayamba kudzuka bulangete litanyowa ndi thukuta, kunja kukuzizira koopsa. Chakudya sichinkalowa. Lamba ndinamuboola bowo lina, kenako linanso. Akazi anga, a Nagama, anati tipite kukiliniki. Ine ndinawonjezera mkaka.

Mu Julayi ndinali pamakwerero, ndikupenta konteyina ya Che Yusufu, mnzathu wa ku Mangochi amene amameta anthu pafupi ndi pokwerera matekisi. Ndinali nditajambula mutu umodzi wokha, makutu ndisanaike. Ndinatsokomola n'kulavula pansi, ndipo zimene zinatuluka zinali zofiira. Mtima unati ndi penti ya pamilomo. Kenako ndinayang'ana tini imene inali m'manja mwanga. Tsiku limenelo ndinkagwiritsa ntchito yabuluu yokhayokha.

M'mawa mwake a Nagama sanandifunsenso maganizo anga. Kukiliniki mzere umayamba dzuwa lisanatuluke. Anandipatsa kabotolo n'kundilozera kuseri kwa nyumba kuti ndikatulutsemo makhololo, osati malovu. Kuseriko ndinapeza azibambo ena, aliyense ndi kabotolo kake, akukhosomola ngati akudzutsa galimoto yakufa batire. Ndakhala ndikusakaniza mitundu moyo wanga wonse, koma mtundu umene ndinauona m'kabotolo kanga sindinakumanepo nawo. Ndinakapereka kwa namwino nkhope nditayang'ana kumbali. Zotsatira zitabwera anati ndi chifuwa chachikulu, TB. Chifukwa cha magaziwo ndi kubanika, ananditumiza kuchipatala chachikulu, ndipo anandigoneka masiku angapo.

Za m'wodi sindinena zambiri, mwina mukuwerenga mukudya. Bedi lililonse linali ndi chikho chake cholavuliramo. Mawindo ankakhala otsegula ngakhale kuzizire bwanji, kuti mpweya uziyenda. M'mawa kuyezedwa kutentha, kenako mankhwala, kenako kudikira dokotala, amene ankafika nthawi imene iye wafuna. Ataona chithunzi cha chifuwa changa anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Anati TB ichira ndikamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, koma mapapo anga ali ndi zipsera, ndipo penti ndi thina ndisiyane nazo mpaka kalekale. Ndinamufotokozera za mkaka. Namwino amene anaima pambali ndi amene anati, "Mkhulu, mkakawo munkamwera m'mphuno?"

A Nagama anawayezanso, ndipo mwamwayi anapezeka alibe. Nditabwerera kunyumba ndinapeza matini anga onse atawagawa. Maburashi okha anasiya, atawamanga ndi labala ngati akaidi.

Mankhwala a TB ndi mibulu ikuluikulu. Anandichenjeza kuti mkodzo usintha mtundu, koma sanandiuze kuti ukhala ndendende mtundu umene ndimaupeza ndikasakaniza yofiira ndi yachikasu polemba sipaza. Nseru inali ya tsiku ndi tsiku. Patapita milungu ingapo zala zinayamba dzanzi. Nditanena kukiliniki anandiwonjezera kambulu kena kakang'ono kothandiza mitsempha, dzanzi linachepa, koma dzanja linatsala likunjenjemera chifukwa cha kufooka.

Mu Seputembala Che Yusufu anabwera kudzandizonda, atanyamula malalanje. Anayankhula mwaulemu, koma nkhani inali imodzi. Konteyina yake inali ikadali ndi munthu wopanda makutu uja, ndipo anthu ayamba kuseka kuti kumeneko amameta ndi makutu omwe. "Madala," anatero, "ndidikira mpaka Disembala asanalowe, poti mwezi umenewo aliyense amafuna kumeta. Mukalephera, musandide, ndikasindikizitsa chinsalu chapulasitiki ku Boksburg, cha zithunzi za pa intaneti." Ndinadziwa kuti Che Yusufu akapachika chimenecho, masipaza onse atsatira, ndipo dzina langa lithera pa munthu wopanda makutu.

A Nagama amagwira ntchito ya m'nyumba ku Boksburg komweko. Tsiku lina anabwera ndi tabuleti yakale, ija yonga foni yaikulu, imene abwana awo anaisiya, pamodzi ndi cholembera chake chopanda inki, chokhala ngati pensulo yapulasitiki. Anati ndijambule pamenepo, tikasindikize chojambula changa m'malo mwa za pa intaneti. Nditayesa kukoka mzere, cholemberacho chinatsetsereka pagalasipo ngati phazi pa therere. Ndinaikankhira kutali.

Amene anandibweza ndi mnzanga wa pamzere wotengera mankhwala, Sipho, bambo wojambula zithunzi pakhungu la anthu. Tinkalankhula Chizulu changa chothyokathyoka. Anati tabuleti ndi khoma chabe, bokosi la maburashi ndi apu imene waikamo, ndipo maapu ojambulira alipo ambirimbiri, munthu amasankha. Anandisonyeza kotengera. Kusankhako ndiye kunali matenda achiwiri.

Apu yoyamba inali yaulere. Ndikukoka mzere wa mphuno mosamala, mpweya nditagwira, mwadzidzidzi pagalasi ponse padzaza munthu wa mano oyera akundiuza kuti ndibetche mpira. Pochoka iye, mzere wanga wadutsa m'diso. Tangoganizani muli pamakwerero, munthu n'kubwera kudzamata chipepala pamene mukupenta. Ndinaichotsa.

Yachiwiri inali yaulemu kwa sabata imodzi. Kenako inafuna khadi ya kubanki mwezi ndi mwezi, ndipo mitu iwiri imene ndinajambula inaitsekera m'kati ngati katundu wa munthu wosalipira lendi. Burashi yobwereketsa sindinaionepo chibadwire.

Yachitatu ndi imene inandibwezera nseru imene mankhwala anali atayamba kundisiyira. Imeneyo sujambula ayi. Umangolemba zimene ukufuna, iyo n'kukujambulira. Ndinalemba kuti ndikufuna munthu akumetedwa. Anatuluka mnyamata wa khungu lonyezimira ngati nkhuku yososola yopakidwa mafuta, khutu lake lili ndi kakhutu kena m'kati, ndipo dzanja logwira makina ometera linali ndi zala zochuluka ngati phava la nthochi. Ndinayang'anitsitsa. Kabotolo kanga kaja kanali bwino, poti zinali m'menemo zinachokera mwa munthu.

Yachinayi ndinaikonda, ndipo apa ndi pamene ndinapusa kachiwiri. Inali ndi kabatani kowongola dzanja lonjenjemera. Ndinakakwezera kumapeto kwenikweni. Ndikoke mzere wokhotakhota ngati njira ya chidakwa, iyo inkauwongola kukhala wosalala ngati waya. Ndinajambula mitu isanu, yoyera bwino, ndipo mu Novembala ndinanyamula tabuleti kupita kwa Che Yusufu, ndikupumira panjira.

Anayang'ana nthawi yaitali, makina ometera ali m'manja.

"Wajambula ndani?"

"Ine."

"Ayi Madala, musandinamize, ndasala kudya lero. Awa ndi anthu a pabokosi la sopo."

"Si okongola?"

"Kukongola ndiye vuto lakelo. Okongola ku Boksburg amasindikiza popanda inu. Kasitomala akafika pano amati, ndimeteni ngati uja wa maso otuzuka. Pamenepa aloza ndani? Ine ndikufuna anthu anu oipa aja."

Ndinabwerera nditakwiya, choyamba ndi iye, kenako ndi apuyo. Ndinamasula burashi imodzi pa labala paja, ndinaiviika m'madzi n'kulemba pakhoma la nyumba kuti ndione chimene dzanja langa limachita. Ndikadinikiza, mzere umanenepa. Ndikapepuza, umawonda mpaka kuthera ngati mchira wa khoswe. Zilembo zanga zonenepa zija, ndi maso aja, zimachokera pamenepo. Apu ija sinkamva kudinikiza, mzere uliwonse unkatuluka wofanana. Chinanso, ife timatsamiritsa m'mbali mwa dzanja pakhoma polemba, koma ndikatero pagalasi inkasiya mabanga, ndiye ndinkajambula dzanja lili m'malere, kunjenjemera n'kumawonjezeka.

Pamzere wotsatira wa mankhwala ndinamuuza Sipho zimene ndikufuna, ngati munthu wofunsira mbeta atakula. Imve kudinikiza. Isasamale dzanja likatsamira. Igwire ntchito popanda data. Iye anawonjezera chimene sindikanachidziwa: ilole kuyamba ndi pepala lalikulu kwambiri, apo ayi chithunzi chikakulitsidwa pa chinsalu chimatuluka chosungunuka ngati chanyowa ndi mvula. Tinayesa zingapo tili pabenchi pomwepo, mzere wa anthu ukuyenda pang'onopang'ono. Ina inkachedwa, cholembera chili uku mzere ukubwera m'mbuyo ngati mwana wotopa. Imene tinakhazikika nayo inali yosaoneka bwino, zizindikiro zake zing'onozing'ono zofuna magalasi a maso, koma nditadinikiza, mzere unanenepa. Kowongola dzanja ndinakakweza pang'ono chabe, kongochotsa kunjenjemera kwa matenda n'kusiya kwanga kwachibadwa. Ndili m'kati moyesa, namwino wina anafuula kuchokera pakhomo, "Mkhulu, chotsani chimenecho m'kamwa!" Ndinali ndikusongola cholembera chapulasitiki ndi milomo. Chimakoma ngati chivindikiro cha ndowa.

Ndisaname, zina n'zabwino. Utoto wa kumbuyo umakhala pa pepala lake, mitu pa lake, zilembo pa lake, zonse zosanjikizana, ndipo sudikira kuti ziume. Ukalakwitsa umagogoda ndi zala ziwiri, cholakwacho n'kuchoka. Zimenezi zimandinyansabe pang'ono, chifukwa zimalola munthu wosadziwa ntchito kuoneka ngati wodziwa. Koma ndinagogoda kambirimbiri.

Chinsalucho tinakasindikiza ku Boksburg, ndipo tinachipachika Novembala akutha. Woyamba kumanzere ndi munthu uja, tsopano ali ndi makutu, aakulu kuposa oyenera, kubwezera miyezi imene anakhala opanda. Tisanamalize n'kumanga komwe, woyendetsa tekisi wina analowa n'kuloza wa maso otuzuka. Che Yusufu anandiyang'ana n'kuyatsa makina.

Mankhwala ndinamaliza kumayambiriro kwa chaka chino, ndipo makhololo omaliza anapezeka opanda kachilombo. Thupi labwerera, lamba ndabwerera pa bowo lakale. Mapapo okha sanabwerere. Ndikakwera kamtunda ndimaima, ndipo ndikadutsa pamene akupenta geti chifuwa chimandigwira nthawi yomweyo. Masipaza atatu andipatsa ntchito, ndimajambula nditakhala pampando ngati kalaliki. Dokotala ananena kuti ndikanabwera chifuwa chitangoyamba, zipsera zina sizikanakhalapo. Ndiye inu anzanga opaka penti, opopera magalimoto, okhoma mabokosi m'mafakitale a ku Isando, chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena mukamadzuka mutanyowa thukuta, pitani kukiliniki. Kabotolo n'konyansa, inde, koma mumakadzaza kangapo chabe. Valani zotseka pamphuno pogwira ntchito. Mkaka muzithira mu tiyi.

Tsiku limene tinapachika chinsalu lija ndinafika kunyumba ndili ndi dandaulo. Titadya ndinawauza a Nagama kuti ntchito yatheka, koma chinthucho chikununkha pulasitiki, ndipo munthu wogwira ntchito tsiku lonse osabwera ndi fungo la penti sakhala ngati wagwira ntchito. Ndinati ndalisowa fungo lija.

Anandiyandikira n'kundinunkhiza paphewa, kenako anabwerera m'mbuyo, mphuno atakwinya.

"Bambo a Chisomo, zaka zonsezi ndakhala ndikugona pafupi ndi tini ya thina, ndimvekere mwina pansi pa fungolo pali mwamuna wonunkhira. Lero ndalimva lanu lenileni. Madzi ali pamoto, kasambeni."