Mabokosi a Bambo Anga pa Tsamba Lachitatu

Bambo anga amakhoma mabokosi a maliro ku Chinsapo. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba za lendi, ndipo munthu woferedwa sazungulira, amaima pa shedi yoyamba yomwe waiona m'mbali mwa msewu. Achinyamata atadzaza mumsewumo ndi mabokosi awo onyezimira, bambo ananena kuti mvula ikangoyamba agulitsa macheka ndi mapuleni n'kubwerera kwathu ku Dowa. Ine zinandiwawa. Amayi tinawaika m'tauni muno, ndipo kumudziko bambo analibe wowaphikira ngakhale phala.

Ndimagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala ku Area 25, ndiye kompyuta ndimaidziwako. Ndinawapangira kawebusaiti, ndikuti basi anthu azikhamukira. Kunali zii. Munthu akasaka pa intaneti ife timatulukira pa tsamba lachitatu la zotsatira, komwe ngakhale ine mwiniwake sindinkafikako.

Mnzanga wa kuntchito anandionetsa chida chaulere choyezera webusaiti. Umalembamo adiresi yako, icho n'kukuuza zomwe zikukubwezera m'mbuyo. Yathu inatuluka yofiira ngati kope la mwana wolephera masamu. Zithunzi zinali zolemera, tsamba limachedwa kutseguka pa foni, shedi sinkaoneka pa mapu. Izi ndinakonza ndekha. Zinatsala ziwiri zofunika mwini shedi: mawu omwe anthu amasaka, ndi ndemanga za makasitomala.

Pa webusaitiyo bambo anangolola mawu oti ntchito zamatabwa. Ndinawapeza akupala thabwa.

"Ababa, pamutu penipeni pakufunika mawu oti mabokosi a maliro, ndi mitengo yake."

"Iwe mwana, ukufuna ndizikuwa ngati wogulitsa tomato? Anthu aziti mkulu uja akudikira kuti tife?"

"Nanga si ndi zomwe mumakhomazo?"

"Bokosi silitsatsidwa. Wolifuna amabwera yekha."

Nditatchula za ndemanga, anaika puleni pansi n'kundiyang'ana.

"Ndipite pasiwa ndikati pepani ndi zovutazi, koma bokosi lija munaliona bwanji, tipatseniko nyenyezi zisanu?"

Pamenepo mtima unali utapsa kale. Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akulongedza katundu si achinyamata a kumsewu aja. Ndinachoka osatsanzika. Liuma la bambo anga ndimalidziwa bwino chifukwa ndinatengera konko.

Pali chida china chomwe chimaonetsa mawu omwe anthu analemba posaka, tsamba lako lisanawatulukire. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinakhala pa benchi ya m'shedi n'kuchitsegula pa foni. Ambiri ankasaka zitseko ndi mabedi, m'Chingerezi. Koma mzere umodzi unali m'Chichewa: bokosi la mwana wakhanda lotchipa Lilongwe. Chidacho chinaonetsa kuti ife tinamutulukira kumunsi kwenikweni, ndipo munthuyo sanatsegule tsamba lathu.

Ndinawapatsira bambo foni. Anavala magalasi, n'kuwerenga milomo ikuyenda.

"Ameneyu analipeza?"

"Sizionetsa, Ababa."

"Anali wa kuti?"

"Nazonso sizionetsa."

Nkhani ya mchimwene wanga ndinaimva kwa amayi, bambo sanaitchulepo. Anamwalira ali wakhanda, ine ndisanayambe sukulu. Nthawi imeneyo bambo ankakhoma zitseko zokha. Anayenda mashedi onse ndi kachingwe ka muyezo m'thumba, mitengo n'kuwakanika, mpaka anabwerera kunyumba n'kudula chitseko chomwe anali atamaliza dzulo lake. Limenelo ndiye linali bokosi lawo loyamba.

Anandibwezera foni.

"Lemba."

Ananena okha mawuwo, ine ndikulemba: Mabokosi a maliro, Chinsapo. Ngati ndi la mwana, ingobwerani ndi muyezo, za mtengo tikambirana pambuyo. Ndinawaika pamutu pa tsamba ndi pa mapu pomwe. Mitengo ya mabokosi a akuluakulu anakanabe. Za ndemanga anati ndisadzayerekezenso kutchula, ndipo mpaka lero chida choyezera chija chimandionetsa chofiira pamenepo. Ndinasiya kudandaula nacho.

Kukwera kwa tsamba lathu sikunali kwa msanga. Ndinatha mabandulo a intaneti ndikusuzumira, lero takwera pang'ono, mawa tatsika. Kenako tinafika pa tsamba loyamba, chakumunsi. Foni ya bambo inayamba kulira mwa apo ndi apo, osati kwambiri, koma inkalira.

Tsiku lina ndili pashedi kunabwera bambo wachinyamata wa ku Mgona, foni m'manja, akutsata mapu. Analonjera, kenako anatulutsa kachingwe m'thumba la malaya. Kanali kafupi kuposa mkono wanga. Bambo anga anakalandira ndi manja awiri, n'kumupatsa mpando. Sanamufunse kuti ali ndi zingati. Ine ndinatuluka panja chifukwa misozi inali itayamba.

Za ku Dowa sitinakambiranenso, ndipo ine ndinkaopa kufunsa. Mvula yoyamba itagwa ndinathamangira ku Chinsapo mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti ndikapeza macheka atamangidwa m'thumba. Ndinawapeza ali pamwamba pa shedi, akumata malata odontha ndi phula.

"Wangoima bwanji, mama? Ndigwirire makwererowa."