Khola la Sabata

Ndikukumbukira fungo la bulu wathu mvula ikamunyowetsa, fungo ngati la bulangete lakale loiwalika panja. Dzina lake anali Sabata. Atate anamutcha choncho chifukwa anafika naye pakhomo pathu ku Zemba tsiku la Sabata, koma amayi ankati dzinalo linamuyenera pa chifukwa china, poti kwa iye tsiku lililonse linali lopuma. Kumeneko kunali kumunamizira. Amayi ankadwala msana chiberekereni mng'ono wanga wotsiriza, ndipo Sabata ndiye anawatula katundu pamutu. Chimanga chopita ku chigayo, zigubu za madzi, mtedza wochokera kumunda, zonse zinkayenda pamsana pake. Popeza m'nyumba mwathu munabadwa atsikana okhaokha, wodyetsa Sabata ndinali ine, mwana wa zaka khumi.

Ndinkamudziwa kuposa wina aliyense. Dzuwa likafika pamutu ankapita padzala, pamene tinkataya phulusa, n'kupinda maondo, n'kudzigwetsa pansi. Kenako ankagubuduzika uku ndi uku, miyendo yonse inayi ili m'mwamba, mpaka kudzuka ali mbuu ngati munthu wa ku chigayo. Nthawi imeneyo akuluakulu amakhala ali kumunda kapena pamthunzi, choncho woseka ndinkakhala ine ndekha.

Dzinja lina Sabata anali ndi bere, ndipo fisi anagwira mbuzi ziwiri pamudzi pathu. Atate anati buluyo sagonanso pamtengo wa mango, amumangira khola lofolera. Atate ali mnyamata anagwirako ntchito pa famu ina ya fodya kufupi ndi Chipata, kumene kunali akavalo, ndipo nkhani ya akavalowo sinkatha pakamwa pawo. Pamudzi ponse, nkhani ikakhala ya nyama yopanda nyanga, ankafunsidwa ndi iwo. Tsiku loyeza anatenga luzi, n'kundipatsa ine nsonga imodzi kuti ndigwire pamphuno pa Sabata, iwo n'kukokera kumchira. Anayezanso mimba, n'kuwonjezera chikhatho chimodzi mbali iyi, china mbali inayo.

“Kavalo amagona choimirira,” anatero akuika mfundo pa luzi. “Bulu ndi msuweni wake. Khola lalikulu n'kungoitana mphepo.”

Mawu anafika pakhosi panga, koma ndinawameza. Masiku amenewo mwana, makamaka wamkazi, sankawongola bambo ake. Madzulo tikusinja ndinawanong'oneza amayi kuti Sabata amagona pansi, amagubuduzikanso. Amayi sanaleke n'kusinja komwe. Anandifunsa kuti atate ako anaona akavalo, nanga iwe unaona chiyani kupatula nkhuku? Anawonjezera kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kholalo linali lokongola, chilungamo chake. Atate anali mmisiri. Anazika mitengo yolimba mwakuya, yothinana moti dzanja langa silinkapita pakati, n'kuimanga ndi luzi katatu. Anthu odutsa ankaima kuliyamikira. Sabata ankalowa chamutu n'kutuluka chambuyo, chifukwa malo otembenukira munalibe. Kwa milungu ingapo zinayenda bwino, poti masana ankakhala panja ndi ine, padzala pake paja.

Kenako kunagwa maliro a wachibale ku Mlolo. Atate ndi amayi ananyamuka m'mamawa pa njinga, ndipo anthu ambiri a pamudzi anawatsatira wapansi. Chimanga chinali chitafika m'chiuno, nthawi imene chiweto sichisiyidwa chokha. Atate anandiuza kuti ndimuponyere Sabata udzu m'khola, ndidzamutsegulire ndikaweruka ku sukulu.

Tsikulo tinaweruka mochedwa, ndipo ndinabwera dzuwa litapendeka pang'ono. Ndisanafike pabwalo ndinamva kugunda, gu, gu, ngati munthu akusinja mumtondo wopanda kanthu. Nthawi yake yogubuduzika itakwana, Sabata anachita zimene ankachita masiku onse. Anadzigwetsa, n'kutembenuka, koma malo omalizira panalibe. Ndinamupeza ali chagada, msana utapanikizika pa mitengo ya mbali imodzi, ziboda zikukanda mbali inayo. Mimba inali itafufuma, thovu lili kukamwa, khungu la m'miyendo litasupuka. Atandiona anayesa kulira, koma kunangotuluka mpweya.

Ndinakoka mtengo umodzi, sunagwedezeke n'komwe. Ndinatenga nkhwangwa ya atate, koma inkangodumpha pa mtengo, ndipo ndinkaopa kumutema. Pamudzi panali patatsala Anaphiri, mayi wachikulire wosaona bwino. Tinamanga chingwe m'miyendo ya Sabata n'kukoka tonse awiri mpaka m'manja mwanga munatuluka matuza. Kutembenuza bulu wa bere si ntchito ya mwana ndi nkhalamba. Pamapeto pake ndinangokhala pakhomo pa khola, ndikumuthira madzi pamphuno ndi chikho, n'kumamuuza kuti atate akubwera.

Anthu a ku maliro anafika dzuwa litafiira. Atate anagwetsa njinga pansi, n'kutema mbali yonse ya khola osapuma. Amuna atatu anamutembenuza Sabata. Buluyo anayesa kuimika miyendo yakutsogolo kawiri, n'kugwanso. Nkhuku zisanalowe anali atatisiya, pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba. Ndinalira kuposa mmene ena analirira ku Mlolo, ndipo palibe anandiletsa.

Patapita masiku atatu ndinapeza atate akuzula mitengo yotsala. Osandiyang'ana, anandifunsa ngati Sabata ankagona pansi. Ndinati inde, tsiku lililonse, padzala. Anandifunsanso kuti bwanji sunanene. Kenako anatsamira mtengo umene anazula.

“Kufamu kuja ine ndinkagwira ku fodya, mwanawe,” anatero. “Akavalowo ndinkangoona mitu yawo pamwamba pa chitseko. M'nyumba mwawo sindinalowemo.”

Bulu wina sitinamupezenso. Amayi anayambiranso kusenza, ndipo pamene ndinkakwatiwa anali akuyenda chowerama, atagwira ndodo. Mpaka lero zimandipweteka ndikaganiza kuti msana wawo unathera pa mawu amene ndinameza nditagwira luzi.

Masiku ano ku Zemba katundu wambiri amayenda pa njinga zamoto ndi pa ngolo za ng'ombe. Alangizi a ziweto akabwera kuchokera ku boma amaphunzitsa kuti khola limayezedwa nyama itagona, ndi malo oti itembenuke n'kudzuka yokha. Ndikamva zimenezi ndimangogwedeza mutu ngati ndi zachilendo. Atate anamwalira osatchulanso kavalo. Ana anga amanditsutsa ngakhale pamaso pa alendo, ndipo anzanga a ku mpingo amati ndinawalekerera. Nthawi zina amandikwiyitsadi, koma ndimawasiya amalize kulankhula.