Ekisileyi ya pansi pa matiresi

Atate ake Misozi, lero mwana wanu wandiliza. Paja amagwira ntchito yofufuza za khansa. Wandionetsa pulogalamu ya pakompyuta, yaulere, yoti aliyense angathe kuitenga n'kuikonza. Imaonetsa chotupa mbali zonse kuti madokotala alunjike bwino cheza chochiwotcha. Ndiye ine ndatulutsa ekisileyi yanu ija ya chotupa cha m'chifuwa, imene yakhala pansi pa matiresi kuyambira m'ma 1990.

Mukukumbuka tsiku lija tinachokera kuchipatala ku Chipata? Adokotala anati makina owotchera kulibe m'dziko muno, tizidikira ulendo wakunja. Titafika kwathu ku Madzimoyo tinaiyang'ana ekisileyiyo padzuwa, pafupi ndi thandala la nshawa. Munaloza choyera chachikulu pakati pa nthiti n'kunena kuti, "Amake Misozi, chakula chonchi? Basi, musandivutitsenso ndi maulendo." Ine ndinangovomera, ndipo kuchipatala simunabwererekonso mpaka munatisiya. Lero Misozi wangoyang'ana kamodzi, wati, "Amama, uwu ndi mtima. Chotupa ndi aka, kochepa ngati nshawa." Zaka zonsezi chimene ndakhala ndikutemberera ndi mtima wanu. Tsiku lija ine ndi inu tinagwirizira limodzi chithunzicho, ine osakutsutsani. Ndikapepese kwa ndani tsopano?