A Zimitsani ndi Batire la Apongozi

Kufakitale kwathu, komwe timathira sopo wamadzi m'mabotolo, mukatchula dzina lenileni la wamagetsi wathu anthu amangoyang'anana. Koma nenani kuti mukufuna a Zimitsani, ngakhale mlonda wa pageti akulozerani: bambo wamfupi, wa ovolosi yolekeza m'mawondo, tesita yoyesera magetsi m'thumba la pachifuwa, magalasi pamphumi pomwe palibe maso. Dzinali analipata chifukwa cha ulaliki wawo, womwe uli ndi vesi limodzi lokha: "Musanagwire, zimitsani kaye." Anatilalikira tonse, omata mapepala, osesa, mpaka mayi wophika tiyi, amene mpaka lero sakhudza ketulo asanazule pulagi.

Kunyumba n'chimodzimodzi. Akazi awo amati bambowa asanatuluke m'mawa amayenda khoma ndi khoma kuzimitsa soketi iliyonse. Firiji yokha ndiyo inapulumuka, nayonso pambuyo pa mlandu wa nyama yonunkha, umene aneba anaumvera pawindo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene a Zimitsani sachizimitsa mwachisawawa. Pakona, kuseri kwa lamba woyendetsa mabotolo, pali kabati yachitsulo, ndipo m'kabatimo muli kabokosi kotuwa ka timagetsi tophethiraphethira. Odziwa amakatcha PLC. Ndiko kamauza lamba kuti yenda, ima, ndi mpopi kuti thira, leka. Kanabwera fakitale ikumangidwa, ndipo amene anakapanga anasiya kalekale kugulitsa zipangizo zake. Ife timakatcha Apongozi, chifukwa kabatiyo ili mmunsi, moti a Zimitsani akafuna kuonamo amayamba avula chipewa, kugwada, n'kumalankhula chapansipansi.

Makina akaima, iwo sathamanga. Amagwada pamenepo n'kumawerenga timagetsito ngati nkhope ya munthu. "Apongozi alibe mlandu," amatero. "Akudikira botolo limene sakuliona." Akatero amakapukuta kadiso koona mabotolo, komwe kamatidwa ndi sopo, lamba n'kuyenda. Kawirikawiri Apongozi amapezekadi osalakwa. Wolakwa amakhala waya womasuka, fyuzi, kapena khoswe.

Abwana ankaona mwina. Pafoni pawo panali chithunzi cha makina atsopano, odina ndi chala pagalasi, amene akawonongeka ogulitsa amatumiza anthu awoawo. Tsiku lina ananena tonse tikumva: "Chinthu ichi chikadzatigonekanso tsiku lathunthu, ndichizula." Zotsalazo sanazinene, koma tinazimva. Apongozi akachoka, mkamwini atsalira chiyani?

Ndiye m'mawa wina, abwana atapita kumsonkhano, kagetsi kofiira kanayaka pakabokosipo: batire latha. Apa pali nkhani imene a Zimitsani sanatiuzepo. Zonse zimene Apongozi amadziwa zimakhala m'mutu mwawo malinga ngati mukufika mphamvu. Magetsi akathima, chimene chimazigwira ndi kabatire konga chala chachikulu. Posintha batirelo magetsi amayenera kukhala chiyakire, apo ayi mutu umayera mbee. Kutanthauza kuti kamodzi pa zaka zingapo mlaliki ankachimwira vesi lake lomwe. Ankachita mobisa, nthawi ya tiyi, tonse tili panja.

Tsikulo Amake Mapasa, kapitawo wa amayi a palamba, anabwerera kudzatenga kapu yawo. Anapeza a Zimitsani ali chigwadire, mkono wonse uli m'kabati, timagetsi tikuyaka, mwendo wakumanzere ukunjenjemera. Sanakuwe. Sanawagwirenso, poti tinaphunzitsidwa kuti wogwidwa ndi magetsi sakhudzidwa. Anathamangira pa swichi yaikulu n'kuigwetsa ndi manja awiri. Fakitale yonse inati zii.

A Zimitsani anatulutsa mutu pang'onopang'ono, batire lakale dzanja ili, latsopano dzanja linalo.

"Mwapulumuka, achimwene," anatero Amake Mapasa, ali wefuwefu. "Mwendo umachita kuvina."

"Linali dzanzi, mayi."

"Ine ndangochita monga munatiphunzitsira."

A Zimitsani analowetsa batire latsopano m'malo mwake. "Mwachita bwino kwambiri," anatero, ndi mawu a munthu wolandira alendo pamaliro.

Atakweza swichi, Apongozi anadzuka osadziwa lamba, osadziwa mpopi, osadziwanso mkamwini wawo.

Chiyembekezo chinali pa laputopu yakalekale, yolemera ngati njerwa, yokhayo imene ili ndi bowo lolowa chingwe cha Apongozi. M'menemo munali pulogalamu yosungidwa, ya zonse zimene Apongozi amadziwa. Laputopuyo a Zimitsani amaisunga kunyumba, m'kabati ya zovala, yokulunga m'thaulo, poti kufakitale n'kwachinyezi. Anaimbira akazi awo kuti abwere nayo. Foni yothima. Anaimbanso. Yothima. Anabwereka njinga ya mlonda n'kupalasa monga sanapalasirepo chikwatire.

"Bwanji dzuwa lino, abambo, akuchotsani ntchito?" anafunsa akazi awo, akuyanika zovala.

"Foni yanu bwanji yothima?"

"Ndinaiika patchaja m'mawa. Kafunseni amene amazimitsa masoketi m'nyumba muno."

Anangotenga thaulo lawo n'kubwerera.

Laputopu inatenga nthawi yake kudzuka, ikulira ngati chigayo chakutali. Pulogalamu inalowa, timagetsi tinabiriwira, lamba anayenda, ife n'kuomba m'manja. Botolo linaima pansi pa mpopi, mpopi unathira. Unathirabe. Botolo linadzaza, mpopi osaleka. Kunapezeka kuti pulogalamu ya m'laputopuyo inali ya Apongozi ali mtsikana, nthawi imene tinkagulitsa sopo m'zigubu zikuluzikulu. Zaka zonsezi a Zimitsani ankasintha manambala m'kabokosimo, pano pang'ono, apo pang'ono, osakumbuka kusunganso m'laputopu. Pomwe ankaimitsa makina, thovu linali litafika m'akakolo.

Za mpopi sizinavute. Anachepetsa nambala, kuyesa, kuchepetsanso, mpaka sopo analekeza m'khosi mwa botolo. Chovuta chinali kaimidwe ka lamba. Amayi amamata mapepala ndi manja lamba ataima. Akaima pang'ono mabotolo amadutsa amaliseche, akaima kwambiri amaunjikana kumbuyo n'kugwa. Nambala yake a Zimitsani inali itawathawa, ndipo dzuwa linali litapendeka.

"Imeneyo tisiyireni ife," anatero Amake Mapasa. "Lamba akamayenda sitimvana, phokoso. Nkhani zathu zonse timakamba akaima. Ine ndimatha kunena kuti, 'Mwamva za mkazi wa dalaivala?' uyu n'kuyankha kuti, 'Watani?' Akangoti 'watani', lamba amanyamuka."

A Zimitsani anatsitsa magalasi pamaso, chinthu chosaonekaoneka. "Tayesani."

Lamba anaima. "Mwamva za mkazi wa dala..." Lamba ananyamuka.

"Yachepa, achimwene. Sindinafike n'komwe kwa mwini nkhani."

Anawonjezera. Anayesanso, kuwonjezeranso, uku nkhani ikutuluka zidutswazidutswa: mayiyo akuphunzira galimoto mobisa, wagunda geti ya aneba, wauza mwamuna wake kuti ndi mphepo. Dalaivala mwiniwake anali chapomwepo ndi chokolopera, akuthandiza kuchotsa thovu. Anasiya kukolopa n'kumamvetsera ngati wina aliyense.

"Apo ndiye pake," anatero Amake Mapasa pomaliza, anzawo onse n'kugwedeza mitu mofulumira kwambiri.

Abwana anafika lamba akuyenda, mabotolo ali ndondondo, simenti ikuwala ngati mbale.

"Mwayera bwanji muno lero?"

"Tinangoti tikolopeko, bwana," anatero Amake Mapasa.

Abwana anasuzumira pakona, anaona timagetsi tobiriwira, n'kulowa mu ofesi.

Patapita masabata anayamba kudandaula kuti makatoni akutuluka ochepako pang'ono. "Chikukalamba chinthu ichi," ankatero. Koma sichinagone tsiku lathunthu, ndipo abwana athu, pa zolakwa zawo zonse, sabweza mawu. Apongozi alipobe.

A Zimitsani okha ndi amene anatchera khutu n'kuzindikira chimene chinachitika. Masiku ano lamba akaima, funso limakwana, "watani" amakwana, n'kutsalanso malo a "Aa, zoona?" Tsiku lina anawapatula Amake Mapasa.

"Mayi, kale lamba sankaima chonchi."

"Inunso, achimwene, kale sitinkadziwa kuti mumapisa dzanja m'magetsi oyaka. Kaya abwana akudziwa?"

A Zimitsani anavala chipewa n'kupita kukaona fyuzi imene inalibe vuto lililonse. Nambalayo sanaikhudze, ndipo madzulo omwewo anaisunga m'laputopu momwe ilili.

Ulaliki ukupitirira, kungoti vesi linatalikako. Wantchito watsopano akafika amamuimika patsogolo pa swichi yaikulu. "Musanagwire, zimitsani kaye. Koma mukaona chipewa changa chili pa swichi iyi, ngakhale mwendo uvine bwanji, yambani mwandifunsa."

Kunyumba amayendabe khoma ndi khoma m'mawa uliwonse. Soketi imodzi yokha, ya pafupi ndi bedi, pamene pamakhala tchaja ya foni, akazi awo anaimata tepi yakuda, yochokera m'thumba la a Zimitsani omwewo. Akafika pamenepo amaima, chala chili m'mwamba, kenako n'kudutsa.